Opanga magemu ndi osewera, nonse ndinu matenanti

Kuseri kwa msika wa kwathu kuli kachipinda ka malata komwe anyamata amaunjikana akangoweruka kusukulu mpaka mdima. Muli ma TV awiri, ma PlayStation 4 awiri amene akatentha amalira ngati chigayo, benchi yopendama, ndi mapadi anayi, awiri omangamanga ndi selotepi. Mwini malowa ndi mnyamata amene analemba fomu 4 ntchito n'kumusowa. Amalipiritsa pa gemu iliyonse, ndipo angongole amawalemba kumapeto kwa kope lakale la masamu.

Ndinalowamo pothawa mvula chakumapeto kwa 2023, n'kupeza mkangano uli pakati. Mnyamata wina anali ataimirira pabenchi, akudziguguda pachifuwa. "Call of Duty tagula ife! A Sony muziona chaka chino!"

"Achimwene," ndinafunsa, "mwagula ndi ndani? Inu munasonkhapo zingati?"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Iye anangogwedeza mutu. "Aaa madala, ndi magemu chabe awa. Musalowetsepo ndale."

Mawu amenewo ndi amene ndikufuna kulimbana nawo lero, chifukwa samveka kuseri kwa msika wathu kokha. Akuwanena ku London, ku Johannesburg, ku Los Angeles, kulikonse kumene wina wafunsa kuti ndalama za magemu zimathera m'thumba la yani. Ndi mawu omwe eni makampani amagona nawo tulo tabwino.

Chimene mnyamata uja ankavinira ndi ichi. Mu Okutobala 2023 kampani ya Microsoft, eni ake a Xbox, inamaliza kugula Activision Blizzard, opanga Call of Duty ndi Candy Crush, pa mtengo wa madola 68.7 biliyoni. Ndalama imeneyi inali yoposa kasanu chuma chonse chimene Malawi yense ankapanga pa chaka nthawi imeneyo. Patangotha miyezi itatu, mu Januwale 2024, Microsoft inachotsa ntchito anthu 1,900 a mbali ya magemu. Sabata yomweyo mtengo wa masheya onse a kampaniyi unadutsa madola 3 thiriliyoni. Mu Meyi inatseka ma studio angapo, kuphatikizapo Arkane Austin ku Texas ndi Tango Gameworks ku Tokyo. Mu Seputembala inachotsanso ena 650. Akuluakulu ankati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nkhani ya Tango Gameworks ndiyo imandiwawa kwambiri. Anthu amenewa anali atatulutsa Hi-Fi Rush, gemu imene osewera anaikonda, olemba nkhani anaiyamikira, mphoto inalandira. Anachita zonse zimene amatiuza kusukulu ndi kutchalitchi: limbikira, chita bwino, bwana adzakuona. Bwana anawaonadi, n'kuwatsekera khomo. Studioyo inachita kupulumutsidwa ndi kampani ya ku South Korea ya Krafton imene inaigula pambuyo pake. Tsono wina abwere adzandiuze kuti msika umapereka mphoto kwa waluso. Msika umenewo uli kuti?

A Sony musaombe m'manja. Mu Febuluwale 2024 nawo anachotsa anthu 900 a PlayStation n'kutseka studio yawo ya ku London. Epic Games, eni Fortnite, anachotsa oposa 800 mu Seputembala 2023. Unity inachotsa 1,800. Mndandanda wake ndi wautali ngati wa maina a kuponi ya feteleza.

Oikira kumbuyo makampaniwa ali ndi yankho lawo, ndipo ndilipereka mokwanira kuti asati ndawanamizira. Amati nthawi ya Covid-19 anthu anatsekeredwa m'nyumba, magemu anagulidwa kwambiri, chiwongoladzanja ku America chinali pansi, makampani analemba anthu ambiri poganiza kuti zipitirira choncho. Mliri utatha, chiwongoladzanja chitakwera mu 2022, zinaoneka kuti antchito achuluka. Zonsezi ndi zoona. Koma funso langa ndi limodzi: anaganiza molakwika ndani? Wojambula mitengo ndi mitambo ya mu gemu sanakhale pamsonkhano umene anagwirizana zowononga mabiliyoni. Woyesa gemu, amene amakhala tsiku lonse akugunditsa kamunthu kukhoma kuti aone ngati kalowerera, sanafunsidwe. Ena mwa amene anaombeza molakwika akadali m'maofesi awo, mabonasi akulandira. Chibalo chinagwera amene sanalakwe. Ngati zimenezi si ndale, ndiye ndale n'chiyani? Ndale si misonkhano ya zipani ndi nsalu za nkhope ya mtsogoleri zokha. Ndale ndi funso lakuti zinthu zikayenda bwino adya ndani, zikavuta alira ndani.

Ndipo asanawachotse amayamba awafinya. Kumeneko ali ndi dzina lake, amati crunch: miyezi yomaliza gemu isanatuluke, anthu amagwira usana ndi usiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Mu 2004 mayi wina, Erin Hoffman, analemba kalata pa intaneti mobisa dzina, akudzitcha EA Spouse, kufotokoza momwe kampani ya Electronic Arts inkagwiritsira bwenzi lake ntchito maola oposa 80 pa sabata popanda ndalama ya ovataimu. Nkhani inafika kukhoti ndipo EA inalipira antchito ake madola oposa 30 miliyoni pa milandu iwiri. Mungaganize kuti anaphunzirapo. Patatha zaka 14, mu 2018, Dan Houser wa ku Rockstar Games anauza mtolankhani kuti pomaliza Red Dead Redemption 2 ankagwira maola 100 pa sabata. Anthu atakwiya anafotokoza kuti ankanena za iye ndi anzake ochepa olemba nkhani ya gemuyo. Kaya. Chondidabwitsa ine n'chakuti poyamba anazinena monyadira, ngati mlimi woonetsa matuza a m'manja. Sabata ili ndi maola 168. Chotsanipo 100, muone otsala ogona, osamba, ocheza ndi mwana.

Amatha kutero chifukwa achinyamata okonda magemu ndi ambiri, ndipo aliyense amalota dzina lake litatuluka kumapeto kwa gemu. Bwana amadziwa kuti ukatopa, pageti pali ena khumi. Chikondi cha ntchito chimasanduka chingwe chokumangira. Aphunzitsi ndi anamwino athu nyimbo imeneyi amaidziwa: ntchito yanu ndi maitanidwe, musamafunse za ndalama.

Tsopano nditembenukire kwa inu osewera, amene mukuona ngati izi ndi za azungu okhaokha.

Aliyense wa ku Kasungu kapena ku Mchinji amadziwa moyo wa tenanti pa esiteti ya fodya. Munda si wake. Chimanga ndi feteleza amatenga pa ngongole kwa bwana. Fodya amagulitsa kwa bwana yemweyo, pa mtengo wa bwana. Tsiku limene bwana wafuna, tenanti amamanga katundu. Sindikuti wolemba mapulogalamu wa ku Seattle amagona ndi njala ngati tenanti. Ndingakhale ndikunyoza anthu amene anavutikadi. Chimene ndikunena ndi kamangidwe ka mgwirizanowo: iwe ulime, iwe ulipire, koma chilichonse chikhale cha mwini munda. Kamangidwe kameneka tsopano akukabweretsa kwa wogula.

Kampani ya ku France ya Ubisoft inatulutsa gemu ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa The Crew mu 2014. Anthu anagula ndi ndalama zawo, ena chimbale chenicheni chogwirika m'manja. Koma gemuyo inkafuna intaneti nthawi zonse, ngakhale ukusewera wekha. Pa 31 Malichi 2024 Ubisoft inazimitsa makompyuta ake amene ankayendetsa gemuyo, ndipo chimbale chilichonse padziko lapansi chinasanduka choikapo kapu ya tiyi. Miyezi iwiri izi zisanachitike, mkulu wina wa kampaniyi, Philippe Tremblay, anali atanena poyera kuti osewera ayenera kuzolowera kusakhala eni a magemu awo. Tangoganizani mwagula njinga, mwaikwera zaka khumi, kenako wogulitsa uja akubwera usiku kudzachotsa tcheni, ati munangogula chilolezo chopalasa. Kumudzi munthu wotereyo sangafike naye kwa amfumu ali wouma.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife kuposa mzungu. Wa ku America amene ali ndi intaneti yosatha ndi khadi la kubanki lolipirira madola akhoza kudandaula n'kulipirabe. Kachipinda ka kuseri kwa msika kaja kamakhalira zimbale zakale: chobwera ndi mlamu wochokera ku Joni, chosinthana ndi mnzako wa ku Bangwe, chogula kwa wina amene ndalama ya lendi yamuthina. Chimbale umabwereketsa, umagulitsa, umasiyira mng'ono wako. Gemu ya pa intaneti siyenda choncho, ndipo kuikoka kokha ndi bandulo yathuyi ndi nkhani ya ndalama zambiri. Tsono taonani kumene makampaniwa akulowera. Xbox Series S ilibe polowetsa chimbale. PlayStation 5 ili ndi mtundu wopanda polowetsa chimbale, ndipo PlayStation 5 Pro ya mu 2024 polowetsapo umagula padera. Akufuna uzilipira mwezi ndi mwezi ngati lendi. Ndipo landilodi amakweza akafuna: mu Okutobala 2025 Microsoft inakweza lendi ya Game Pass Ultimate kuchoka pa madola 19.99 kufika 29.99 pa mwezi. Mnyamata wa pabenchi uja, "tagula ife", sindikudziwa ngati anaitanidwa ku zokambiranazo.

Za FIFA, imene tsopano akuti EA Sports FC, ndingolankhula mwachidule ngakhale ndiyo ndiwo ya tsiku ndi tsiku m'malo athu osewerera. Mu mbali yake yotchedwa Ultimate Team umalipira ndalama zenizeni kugula phukusi la osewera mpira osadziwa muli ndani. Mwina Mbappé, mwina wina wosamudziwa ndi kwawo komwe. Boma la Belgium linayang'ana zamtunduwu mu 2018 n'kunena kuti ndi juga, ndipo mu 2019 EA inasiya kugulitsa mapointi ake m'dzikomo. M'chaka chake cha zachuma cha 2021 chokha, EA inapeza madola 1.62 biliyoni kuchokera ku Ultimate Team. Mu 2022 bungwe la boma la America la FTC linalipiritsa Epic Games madola 520 miliyoni pa nkhani yosunga zinsinsi za ana ndi kupusitsa osewera kuti agule zimene sanafune. Ife amene tikuona achinyamata akutha ndi kubetcha mpira pa foni, kodi tikufunikira Belgium kuti atiuze dzina la chinthu chimenechi?

Chinthu chimodzi chokha chimene ndaona chikuwagwedeza mabwanawa ndi chomwe mnyamata uja anandiletsa kutchula. Mu Meyi 2022 oyesa magemu a ku Raven Software ku Wisconsin, anthu apansi penipeni pa ntchito ya Call of Duty, anavota 19 kwa 3 kukhazikitsa bungwe la ogwira ntchito. Anthu 22 basi, koma chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ena anatsatira. Ndinene chilungamo: Microsoft inalonjeza kuti sidzatchinga mabungwe otere, ndipo inavomereza la antchito pafupifupi 300 a ku kampani yake ya ZeniMax mu Januwale 2023. Koma inalonjeza pamene inkafuna kuti maboma ailole kugula Activision. Ulemu wa mkamwini amene sanapatsidwe mkazi timaudziwa. Ochita mawu ndi zisudzo za m'magemu a bungwe la SAG-AFTRA ananyanyala ntchito kuyambira Julayi 2024 pafupifupi chaka chathunthu, kukana kuti AI izitengera mawu ndi kayendedwe kawo popanda chilolezo ndi malipiro. Osewera nawo, The Crew itazimitsidwa, anayambitsa Stop Killing Games motsogozedwa ndi Ross Scott, ndipo mu 2025 anasonkhanitsa masiginecha oposa 1 miliyoni kukakamiza European Union kuti iunike nkhaniyi. Ku California anakhazikitsa lamulo loti sitolo ya pa intaneti isalembe kuti "gula" popanda kukuuza momveka kuti ukungopatsidwa chilolezo. Mavoti, sitalaka, masiginecha, malamulo. Ndale zokhazokha.

Ndiye amene amati magemu asalowe ndale akauze kaye eni ndalama, chifukwa iwo analowa kalekale. Mu Seputembala 2025 analengeza kuti EA, eni mpira umene ana athu amasewera kuseri kwa msika, ikugulidwa pa madola 55 biliyoni. Ogula ndi thumba la chuma la boma la Saudi Arabia lotchedwa PIF, kampani ya Silver Lake, ndi Affinity Partners ya Jared Kushner, mkamwini wa Donald Trump. Boma la mafumu ndi mkamwini wa pulezidenti akugula gemu ya mpira, inu n'kumati palibe ndale! Ndipo pa ndalama imeneyo, madola 20 biliyoni ndi ngongole imene idzasenzedwe ndi kampani yogulidwayo. Ngongole siibweza yokha. Adzaibweza ndi wantchito amene adzapeze kalata pa desiki, ndi mwana amene adzatsegule phukusi lina poyembekeza Mbappé.

Ndinadutsanso pa kachipinda kaja sabata yatha. Magetsi anali atangoyaka, anyamata akukanganirana padi yabwino. Mwini malo anali pakhomo ndi chimbale cha FIFA yakale, chokalikakalika, akuchipaka mankhwala otsukira mano n'kuchipukuta ndi m'mphepete mwa malaya ake. Anachiuzira mpweya, anachilowetsa. Makina analira, analira, kenako bwalo la mpira linatulukira pa TV, ndipo iye anatsegula kope lake la masamu.