Mlendo adaona nyenyezi, ife tidaona usipa wokha

Abale ndi alongo a kuno kwa Chowe, ndi inu nonse a m'mbali mwa nyanja, ndiloleni lero ndikulaseni pang'ono.

Nkhani ya maphwando a zoimbaimba a kunyanja ikabuka, pakamwa pathu pamatuluka mawu awiri okha. Ena amati n'zauchidakwa, ena amati azungu akutidyera nyanja. Tikatero timapukusa mitu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndikuti mawu awiriwa asanduka mphasa imene timagonapo kuti tisaganize.

Tamvani mbiri ya Will Jameson. Mnyamata ameneyu wa ku Britain adafika m'dziko muno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudzagwira ntchito yongodzipereka. Atabwerera kwawo, m'chaka cha 2000 adayambitsa ndi anzake madansi a usiku mumzinda wa Liverpool, nawatcha Chibuku Shake Shake. Inde, dzina la pa paketi ya mowa wamasese, imene ife timaiponda m'misika osaiyang'ana n'komwe. Madansiwo adatchuka, ma DJ omveka ku Britain nayamba kudzaimbako. M'chaka cha 2004 iye adabweranso kuno ndi kuyambitsa Lake of Stars ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Pambuyo pake phwandolo lidafika m'boma lathu lino, ndipo m'zaka za 2010, 2011, 2014 ndi 2015 lidachitikira pa mchenga wa ku Nkopola. Alendo ochokera kutsidya kwa nyanja zamchere adalipira ndege, malo ogona ndi chakudya kuti adzamvere nyimbo pakhomo pathu.

Nanga dzina lakuti Lake of Stars lidachokera kuti? Anthu amalilumikiza ndi David Livingstone, amene adafika pa nyanjayi mu 1859. Nyenyezi zikunenedwazo ndi nyali za asodzi zimene zimathwanima pamadzi usiku. Nyali za abambo athu ndi amalume athu! Mlendo adaziona, nazisandutsa dzina lodziwika kunja. Ife tidaziona usiku ndi usiku, koma tidangowerenga zidebe za usipa. Akuluakulu sadaname ponena kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mwina muti, ameneyo ndi mzungu, adali ndi anzake achuma. Chabwino. Nanga Lucius Banda wa ku Balaka, amene adatisiya pa 30 June 2024, adali mzungu? Iye adayambitsa Sand Music Festival ndi kuiyendetsa chaka ndi chaka m'mbali mwa nyanja yomweyi, naitanira oimba a m'dziko muno ndi a kunja. Chimene anthu awiriwa adafanana si khungu ayi, koma khama lobwereza chinthu chimodzi kufikira chitazika mizu.

Sindikubisa zoipa. Pamene pasonkhana khamu ndi mowa pamakhala kuledzera, ndewu, ndi abambo opanda manyazi amene amakola ana athu aakazi ndi ndalama. Palinso chowawa china: mwini dera amaima kunja kwa mpanda ndi dengu la mandasi chifukwa tikiti yamukanika, pamene ng'oma ikulira pa mchenga umene agogo ake ankayanikapo makoka. Zimenezi tizidzudzule mopanda mantha. Koma kudzudzula kokha sikudaphikepo nsima pa mafuwa a munthu aliyense.

Tayang'anani m'midzi yathu. Chambo chidachepa m'nyanja ya Malombe, ndipo ukonde sukudyetsanso banja monga kale. Anyamata athu akutha, onse ulendo wa ku Joni, ena opanda mapepala, ena n'kubwerera m'bokosi. Otsalawo ena ali ndi luso la mawu, amatha kuulutsa, kusakaniza nyimbo ndi kusonkhanitsa anthu. Koma mwana akanena kuti akufuna kukhala DJ pa wailesi, ife makolo timamutcha chimbalangondo. Akakwera basi ya ku Johannesburg timamuperekeza ndi kamba wa paulendo. Kodi pamenepa wosokera ndani, mwanayo kapena ife?

Tili ndi beni. Tili ndi manganje. Tili ndi wailesi ya m'dera monga Dzimwe, tili ndi mabwalo a masukulu, tili ndi mafumu amene akaitana anthu amabwera. N'chiyani chikutiletsa kukonza tsiku lathu lathu, loyamba m'mawa ndi kutha dzuwa lisanalowe, lopanda mowa ngati ndi mmene tafunira, lokhala ndi mtengo wolowera umene msodzi angaukwanitse? Amayi agulitse chakudya mkati mwa bwalo, osati kuseri kwa mpanda. Anyamata agwire zokuzira mawu, aphunzire kusunga ndalama ndi kusunga nthawi. Chaka choyamba adzabwera ochepa, ndipo ena adzatiseka. Tidzabwerezenso.

Inu aphungu, makhansala ndi mafumu, phwando lililonse likamabwera m'dera lino mufunse poyera: ndi ana angati a kuno alembedwa ntchito, ndi magule angati a kuno akwera pa nsanja, ndipo ana aakazi atetezedwa bwanji? Inu makolo, mwana wokonda maikolofoni mumufunse chimene akufuna kumanga musanamutukwane.

Usiku uno nyali zidzayakanso panyanja. Amene muli ndi yankho, ndilembereni m'munsimu, tikambirane mwaulemu.