HTTPS SI NYAMBO, MUSAPUSITSIDWE

Anyamata a kunyanja, uthengawu ndi wautali, koma werengani mpaka pansi musanayambe kundilalatira.

Msuweni wanga wa ku Chembe, amene amanyamula alendo pa boti kupita nawo ku Thumbi kukaona mbuna ndi kukaponyera nkhwazi nsomba, ali ndi kawebusayiti kake. Mwezi wapitawu kunafika mnyamata wina wa m'tauni, laputopu m'chikwama, Chingerezi chili pakamwa mbwee. Akuti: "Achimwene, webusayiti yanu ili pa http, n'chifukwa chake Google ikukubisani. Ndikaisinthira ku https, sabata ziwiri zokha muli pamwamba." Msuweni analipira. Ndalamayo sinditchula, koma bambo anga akanagulira mafuta a injini a maulendo angapo okapha usipa. Lero mlendo akafufuza za maulendo a boti ku Cape Maclear, msuweni ali pansi kuposa kale, ndipo foni ya mwini laputopu uja siikupezeka.

Chimene chikundiwawa n'chakuti bodza limeneli lili ndi kachoonadi pang'ono mkati mwake, ndiye limameza anthu mosavuta. Https ndi chinthu chabwino, zimenezo sindikutsutsa. Imabisa zimene zikuyenda pakati pa foni ya mlendo ndi webusayiti yako, moti munthu amene wakhala naye pa wifi imodzi ya pa loji sangawerenge dzina lake kapena nambala ya khadi yake ya kubanki. N'zoonanso kuti mu Ogasiti 2014 a Google analengeza kuti ayamba kuiganizira posanja mawebusayiti. Koma amene akugulitsa nkhaniyi amalekezera pomwepo. Sakuuzani kuti m'chilengezo chomwecho a Google ananena okha kuti mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, ikukhudza mafunso osafika limodzi pa 100 alionse amene anthu amafufuza, komanso kuti nkhani zabwino za pa tsamba n'zolemera kuposa iyo. Gary Illyes wa ku Google komweko anadzafotokoza kuti imathandiza pamene masamba awiri afanana mphamvu pa zina zonse. Ndiye taganizani, lero pafupifupi loji iliyonse kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Mangochi ili kale pa https. Ungapose bwanji anzako ndi chinthu chimene aliyense ali nacho?

Bambo anga akamasoka chilimira pamchenga sanena kuti kusokako kuitana utaka. Amasoka kuti zimene zalowa zisathawe. Kuitana nsomba ndi ntchito ina, ya nyali ndi siginala wodziwa madzi.

Nanga msuweni anatsikiranji? Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, aise. Kwa Google, adiresi yoyamba ndi http ndi yoyamba ndi https ndi makomo awiri osiyana, ngakhale mwini wake ndi mmodzi. Ukasamuka, umayenera kusiya mlozo pakhomo lakale, umene amautcha 301 redirect, wonena kuti tasamukiratu, tili uku. Ndipo osati mlozo umodzi ayi. Tsamba la mitengo lakale liloze ku tsamba la mitengo latsopano, la zithunzi liloze ku la zithunzi. Katswiri wathu uja anangotenga masamba onse n'kuwalozetsa ku tsamba loyamba, basi, n'kulandira ndalama. Malinki onse amene alendo akale analemba pa intaneti potamanda ulendo wa ku Thumbi, amene msuweni anawasonkhanitsa kwa zaka, tsopano akufikira posayenera. Zithunzi zina zikuitanidwabe kudzera pa http ndipo pa mafoni ena sizikutseguka. Sitemap ikutchulabe maadiresi akale. Ngakhale kusamuka kochitidwa bwino kumagwedeza malo ako kwa masabata angapo, a Google amanena okha zimenezo. Nanga kochitidwa ndi munthu wothamangira minibasi?

Za mtengo ndiye ndiseka. Satifiketi imene imapangitsa https kugwira ntchito, a Let's Encrypt amaipereka ulele, ndipo akhala akutero kuyambira chakumapeto kwa 2015. Makampani ambiri osunga mawebusayiti amaiyika m'kati mwa ndalama imene ukulipira kale, kwako n'kungodina. Munthu alipidwe pa ntchito ya manja ake, eya, ineyo sindikana. Koma akakuuzani kuti satifiketiyo ndi yodula, mufunseni kuti akuigula kuti. Mufunsenso ngati izidzikonzanso yokha, chifukwa za Let's Encrypt nthawi zambiri zimatha pa masiku 90. Ikatha osakonzedwa, mlendo amakumana ndi chenjezo lodzaza foni yonse, ndipo amabwerera pomwepo.

Ndikudziwa wina ayankha kuti, ndiye bola tingokhala pa http yathu yakale. Ayi man, musanditembenuzire mawu. Kuyambira Julayi 2018, Chrome imalemba "Not secure" pambali pa adiresi iliyonse ya http. Mayi ali ku Berlin akufuna kusungitsa malo pa boti lako, akaona mawu amenewo pamwamba pa fomu yomufunsa dzina ndi nambala ya foni, mukuganiza kuti alemba? Samukani ndithu. Koma samukani chifukwa cha mlendoyo, osati chifukwa wina walonjeza nambala wani. Ndipo kaloko kaja musakaone ngati chikalata cha ukhondo wa mtima. Mbava zotsanzira mawebusayiti a mabanki nazonso zili ndi https, moti mu 2023 Chrome inachotsa chithunzi cha loko n'kuikapo china, chifukwa anthu ankaganiza kuti loko ikutanthauza kuti eni ake ndi okhulupirika.

Ndinatsegula webusayiti ya msuweni ndi maso a mlendo. Mtengo wa ulendo palibe. Boti limanyamuka nthawi yanji, palibe. Zoti miyezi ya mwera nyanja imavuta ndipo ulendo ukhoza kusintha, palibe. Majekete opulumutsira moyo alipo m'botimo koma pa tsamba sanatchulidwe. Chithunzi chimodzi chokha chikudya bandulo ngati filimu. Zimenezi ndiye mlendo amafufuza, ndipo mnyamata wa laputopu sanafunseko n'chimodzi chomwe.

Loweruka tikakhala ndi msuweni kukonza milozo ija tsamba ndi tsamba, kenako tikalembe mitengo. Amene mwalipira kale munthu wotereyu ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, lembani adiresi yakale ya tsamba lanu la m'kati, yoyamba ndi http, muone kumene ikufikitseni. Ikakutayani pa tsamba loyamba kapena pa 404, ndiuzeni m'gulu muno.