Nthawi Yonyamula Mbedza Ndi Masika

Makalata oitanira alendo ku nkhalango ndi ku nyanja za m'chigawo chathu amakonda kutchula miyezi ya Epulo ndi Meyi ndi dzina lachingerezi loti autumn, ndipo ena mwa ife ayesa kulimasulira kuti "nyengo yoyoyoka masamba". Kumasulira kotere ndikukukana. Ku Ulaya masamba amafiira chifukwa akufa. Kwathu kuno masamba ofiira a mitengo ya mombo amaoneka mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo amakhala mphukira zongobadwa kumene. Nyengo imene mvula ikulekeza, chimanga chikuuma m'munda, msipu udakali wobiriwira, ili nalo kale dzina: masika. Abale a ku Johannesburg amaona mitengo ya m'misewu ikuthothoka masamba m'miyezi yomweyi, a ku London amadikira Okutobala, koma mitengo ya eni ake isatiuze tsiku lotuluka.

Kalendala yathu ilipo, ndipo imaoneka bwino pa chilumba cha Mbenje m'boma la Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi pachilumbachi mu Disembala, dzinja likafika, ndi kuutsegulanso mu Epulo pa mwambo umene umasonkhanitsa asodzi ochokera kutali. Amene aloledwa kuwolokera kumeneko amasiya mowa, chamba ndi juga kumtunda. Akazi nawo saloledwa kupondako, lamulo limene ine ndikuona kuti likufunika kulikambirananso, ngakhale si nkhani ya lero. Chachikulu n'chakuti madzi amapuma miyezi ingapo, ndipo utaka wa ku Mbenje umadziwika ndi kukula kwake. Boma la Zambia nalo limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Mfumu ndi boma agwirizana pa chinthu chimodzi: dzinja ndi la nsomba, masika ndi a msodzi. Munthu wokonda kuwedza amene amapita kunyanja pa tchuthi cha Khirisimasi n'kumagula chambo chodzaza mazira akudya mbewu.

Ndikudziwa chimene okonda nyama zakutchire anganene, ndipo akunena zoona. M'masika udzu umakhala wautali, madzi ali ponseponse, choncho nyama zimamwazikana. Wofuna kuona mikango ku Luangwa, cha ku Mfuwe, amapindula kwambiri m'chilimwe, pamene chilichonse chimatsikira kumtsinje. Koma thengo si mikango yokha. M'masika misewu imayamba kuuma, kutentha kumachepa, mwera sunafike pachimake panyanja, ndipo mlimi amakhala ndi kangachepe m'thumba. Ku nkhalango ya Nkhotakota, kumene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, mtsinje wa Bua umayamba kuyera, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa amakwerabe kukaswana. Nzika zimalipira ndalama zochepa pachipata poyerekeza ndi alendo akunja. Komabe ambiri a ife timadutsa pamlatho wa Bua pabasi, maso ali pafoni.

Chimene chimandipweteka monga wophunzira zinenero ndi ichi: mawu amafa pamodzi ndi zinthu zimene amatchula. Ntchila inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1950. Inkakwera mitsinje kukaswana, anthu n'kumaitchingira ndi maukonde ndi miono pakamwa pa mitsinjeyo, mpaka inasowa m'misika. Funsani mwana wa ku Lilongwe kapena ku Chipata lero kuti ntchila n'chiyani. Mpasa ndi sanjika zili panjira yomweyo, ndipo maneti otetezera udzudzu amene ena asandutsa makoka sasiya ngakhale kamwana ka nsomba. Mwana amene sanaonepo chilimira chikukokedwa sangadziwe kusiyana kwake ndi khoka kapena matchera. Kwa iye zonsezo ndi "neti" basi. Buku lotanthauzira mawu lingasunge dzina, koma silingamuonetse dzanja la msodzi likusoka ukonde.

Choncho masika ano, amene muli pafupi ndi madzi, kaya ndi ku Senga Bay, ku Metangula kapena ku Cahora Bassa, tengani ana mupite nawo kudooko m'mamawa mabwato akamakocheza. Funsani msodzi dzina la nsomba iliyonse, mulembe monga momwe watchulira, osalikonza kuti lifanane ndi Chichewa cha m'kalasi. Mudzapeza zodabwitsa. Mcheni wa ku Mangochi ndi nsomba yowonda, yaitali, ya m'banja limodzi ndi chambo. Mcheni wa ku Nsanje ndi ku Zambezi ndi chilombo cha mano ngati misomali, chimene chimadula chingwe cha mbedza. Msodzi wa ku Mangochi akapita ku Nsanje atangomva dzina lokha, adzabwerera wopanda mbedza.