Mzinda Wokachezako ndi Mzinda Wokagwirako Ntchito

Pakati pa ife ana a sukulu pali nkhani imodzi imene siitha, ndiyo nkhani ya m'tauni. Mayeso akayandikira, anyamata ndi atsikana a Fomu 4 ayamba kupangana za kumene adzapita akadzatsiriza maphunziro. Wina ati ku Blantyre, wina ati ku Lilongwe, ndipo sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akunena kuti adzayamba wabwerera kwao. Popeza akonzi a magazini athu apempha kuti tilembe zimene taona ndi maso, ine ndafuna kuikapo mawu anga, pakuti ndakhala ndi mwayi wofika m'mizinda yonse inayi ya dziko lathu, nthawi zina pokacheza ndi nthawi zina pokagwira ntchito. Chimene ndifuna kunena ndi ichi, anzanga: munthu amene waona mzinda pokacheza chabe sanauone wonse, ndipo asamangirepo maganizo a moyo wake.

Poyamba ndifotokoze za ntchito imene ndikunenayi, kuti wina angaganize kuti ndinalembedwa mu ofesi. Amalume anga achita malonda a mbatata ya kachewere. Iwo agula kwa alimi a ku Tsangano ndi ku Dedza, nakweza matumba pa lole, napita nawo kukagulitsa m'misika ya m'tauni. Tsono pa nthawi ya tchuthi anditenga ine kuti ndizilemba m'buku matumba amene atsitsidwa ndi ndalama zimene zalowa, pakuti ati, “Mwana wa mlongo wanga, masamu amene ukuphunzirawo aoneke ntchito yake.”

Mzinda wa Blantyre ndinauona koyamba pa ulendo wa sukulu, ndili Fomu 2. Tinafika dzuwa litakwera, titavala yunifomu yosita bwino, ndipo aphunzitsi athu a mbiri yakale anatitengera ku tchalitchi cha St Michael and All Angels. Anatiuza kuti mishoni ya pamenepo inayamba m'chaka cha 1876, ndi kuti dzina la Blantyre linachokera ku mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 ndi manja a anthu akuno, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za umisiri womanga nyumba. Ndinaima nthawi yaitali kuyang'ana njerwa zake, ndipo ndinena mosabisa kuti kufikira lero sindinaone nyumba ina yokongola kuposa imeneyo. Tinaonanso nyumba ya Mandala ya m'chaka cha 1882, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri. Pomaliza tinayenda mu Victoria Avenue kuyang'ana mabanki ndi nyumba zosanja, tinamwa zoziziritsa kukhosi, ndipo madzulo tinabwerera tikuimba m'basi. Aliyense wa ife anabwera atatsimikiza mtima kuti kumeneko ndiko kumoyo.

Chaka chotsatira ndinapita ku Blantyre komweko ndi amalume. Tinanyamuka madzulo, ine nditakhala pamwamba pa matumba nditafunda bulangete, ndipo tinaoloka Shire pa mlatho wa Zalewa pakati pa usiku. Kuyambira pamenepo nyali za lole zinayamba kuunikira amuna okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, wina pambuyo pa mnzake, kukwera zitunda mumdima kuti akafike m'tauni kusanache. Tinafika pamsika mbandakucha. Pa nthawi imeneyo misewu imene ndinaiona kale yodzala ndi magalimoto inali yodzala ndi anthu oyenda pansi, ochokera ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chilomoni ndi ku Bangwe. Anali alonda obwerera kwao, amayi osenza madengu, ndi antchito a m'mafakitale. Nditafunsa amalume chifukwa chake sakwera minibasi, anandiyankha kuti munthu wa malipiro ochepa akamakwera m'mawa ndi madzulo, pakutha pa mwezi apeza kuti wagwirira ntchito kondakitala.

Pamsikapo mbatata iyenda m'manja ambiri isanafike mumphika. Anyamata a ganyu atsitsa matumba pamutu ndi pamsana. Ogula ambiri atenga thumba lathunthu, amayi ena agula ndowa imodzi kwa iwo, ndipo ndowayo akaigawa m'timilu ting'onoting'ono m'mbali mwa msewu, kapena aigulitsa kwa okazinga tchipisi pa chiwaya. Aliyense wa anthu amenewa adyapo pang'ono, ndipo pang'onopo ndipo pachokera lendi ya nyumba, ufa, ndi makope a ana.

Mmodzi wa anyamata otsitsa matumba anaona buku limene ndinali kulembamo, nandifunsa sukulu imene ndiphunzira. Tinacheza pang'ono podikira amalume. Chingerezi chake chinali chabwino kuposa changa. Anandiuza kuti anakhoza mayeso a Fomu 4, ndi kuti satifiketi yake ili m'chikwama pansi pa mphasa m'chipinda chimene agonamo anthu anayi. Ndinati, “Nanga achimwene, bwanji osabwerera kumudzi?” Iye anaseka nati, “Mphwanga, ndinatsazika anthu onse kuti ndikupita kukagwira ntchito. Ndikafika chimanjamanja ndikawauza chiyani amayi?” Mawu amenewo ndawalemba pano kuti inu a Fomu 4 muwawerenge kawiri.

Chinthu china chimene wokacheza sachiona ndicho chakuti m'tauni zonse nzogula. Kwathu madzi titunga pa mjigo, nkhuni titola, ndipo chisoso ndi bonongwe zimera zokha m'dimba. Ku Blantyre madzi ambiri achokera ku Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo makina amagetsi awakankha kukwera phiri kufikira m'tauni. Chotero madziwo ali ndi mtengo, ndipo amene alibe mpopi pakhomo aima pamzere ndi chigubu, ndalama ili m'manja. Malo omangapo nyumba ndiwo ovuta koposa. Mzindawu wazingidwa ndi mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo osauka akwera ndi tinyumba tawo m'mbali mwa mapiri momwe munali mitengo kale. Mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu ambiri anafa. Amene ayenda mu Victoria Avenue masana angaone phirilo lokongola patali, osadziwa kuti anthu amangamo chifukwa chosowa pena.

Ku Lilongwe nakonso ndafikako m'njira ziwiri zomwezi. Pa ulendo wa sukulu tinaona maofesi a boma a ku Capital Hill, Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, chiliza cha Kamuzu Banda, ndi bwalo la masewera la Bingu limene linatsegulidwa mu 2017. Mzindawu unakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo anaukonza ndi mipata yaikulu ndi mitengo pakati pa malo ndi malo. Wokhala m'basi aona kuti nkokongola ndi kopita mphepo. Koma mipata yomweyo ndiyo imene itopetsa woyenda pansi, pakuti kuchokera ku Old Town kufika ku City Centre si pafupi ayi, ndipo Kanengo, kumene kuli mafakitale ndi msika wa fodya, kuli kutali koposa. Manambala a madera ake nawonso sayenda mwa ndondomeko, kotero kuti mlendo woganiza kuti Area 24 iyandikana ndi Area 25 adzayenda mpaka nsapato kutha. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ku Lilongwe mwambi umenewu ngwoona tsiku ndi tsiku.

Pokagulitsa mbatata ndinaona msika wa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene anthu anamanga okha milatho ya mitengo ndi matabwa, ndipo wooloka apereka kandalama kwa mwini mlatho. Poyamba munthu angaseke, koma ine ndinaona nzeru pamenepo: munthu anayang'ana chimene anzake akusowa, nachipanga ndi manja ake, ndipo adya nacho. Ndinaonanso kuti nyumba za mipanda yaitali za ku Area 47 ziyandikana ndi Mtandire, kumene achokera ambiri mwa ophika, ochapa ndi alonda a nyumba zomwezo. Mizinda iwiri ikhala pamodzi, ndipo dzina lake ndi limodzi.

Za Zomba ndi Mzuzu sindinena zambiri, pakuti kumeneko ndinangopita kokacheza, ndipo malinga ndi zimene ndanena kale, ndinaona mbali imodzi yokha. Ku Zomba tinakwera phiri, tinaona damu la Mulunguzi, ndipo tili pamwamba tinapenya nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje patali. M'munsi muli nyumba zakale za boma za m'nthawi imene Zomba linali likulu. Likulu litasamuka, mzindawo unatsala ndi yunivesite, asilikali ndi msika wake, ndipo ndinaphunzirapo kuti ngakhale mzinda ukhoza kuchokedwa ndi chimene chinaukuza. Ku Mzuzu ndinapita kukaona azakhali, kudzera m'nkhalango ya Chikangawa. Kumeneko ndinazizidwa, ndinakwera njinga za kabaza zimene eni ake azitcha Sacramento, ndipo ndinaphunzira kupereka moni m'Chitumbuka. Mzindawu unayambira pa munda wa mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, nukhala mzinda mu 1985. Anthu anandilandira bwino, koma mlendo ndi mame. Wodzakhala masiku asanu apatsidwa nkhuku, ndipo wodzakhala chaka chathunthu wopanda ntchito awerengeredwa mitanda ya nsima.

Tsono wina adzati, “Mnzathuyu adana ndi tauni, afuna kuti tonse tikalambire kumudzi.” Iyayi, sindikutero. M'tauni ndimo muli zipatala zazikulu, makoleji, mafakitale ndi nyumba za mabuku. Popanda anthu a m'tauni mbatata ya alimi a kwathu ikanaolera m'munda, ndipo fizi yanga ikanasowa kochokera. Kumudzi nakonso kuli mavuto ake, minda ikuchepa ndipo feteleza ngwokwera mtengo, kotero sindidzudzula munthu wofuna kukayesa mwayi kwina. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a m'dziko muno, 16 okha ndiwo akhala m'matauni, ndi kuti Lilongwe inali ndi anthu pafupifupi 990,000, Blantyre 800,000. Mizinda imeneyi ikukulabe, ndipo ena mwa ife tidzakhalamo ndithu. Chimene ndikana ndicho kupita ndi maso a mlendo wa tsiku limodzi.

Pa maulendo anga ndinaona kuti amene zinthu ziwayendera m'tauni, kupatula ophunzira kwambiri, ndiwo amene anafika ndi luso m'manja mwao: telala wokhala ndi makina ake pakhonde, kalipentala, makaniko, wowotcherera zitsulo, mayi wodziwa kugula pamtengo wotsika ndi kusunga mpamba wake. Amenewa sadikira kuti wina awalembe ntchito. Amene afika ndi satifiketi yokha ndi adiresi ya mbale wao ndiwo amene apezeka pansi pa mtengo pafupi ndi zipata za makampani, kudikira kuitanidwa.

Chotero ndili ndi mapempho atatu. Loyamba lipite mwaulemu kwa aphunzitsi athu aakulu ndi onse okonza maulendo a sukulu. Tikuthokoza kuti mutionetsa nyumba za mbiri ndi maofesi a boma, ndipo musaleke. Koma pa ulendo uliwonse muikepo m'mawa umodzi wa pamsika, kapena wa m'fakitale, kapena wa kumalo kopopera madzi, kuti tione amene auyendetsa mzindawo ndi thukuta lao.

Lachiwiri lipite kwa anzanga amene mupita kwa abale m'tauni pa tchuthi. Musathere masiku onse pa wailesi ya kanema. Dzukani tsiku limodzi kusanache muone amene akuyenda mumsewu. Funsani lendi ya chipinda chimodzi, mtengo wa chigubu cha madzi, wa thumba la makala, ndi wa minibasi kupita ndi kubwera. Mulembe zonsezo, muziphatikize, ndipo muziyerekeze ndi malipiro a ntchito imene muilakalaka. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Lachitatu lipite kwa ife a Fomu 4. Tilimbike pa mayeso, pakuti wokhoza bwino ali ndi khomo la ku koleji. Koma aliyense aphunzirenso ntchito imodzi ya manja asanakwere basi, adziwe kumene akagona ndi chimene akadya mwezi woyamba, ndipo potsazika kwao asalonjeze zazikulu, kuti njira yobwerera ikhale yotseguka. Amene adzachita zimenezi adzapita m'tauni monga munthu wodziwa kumene akupita, ndipo ine ndidzakondwa kukomana naye kumeneko.

Wophunzira wa Fomu 4