Pempho la Ana a ku Chinguluwe Okhala ku Joni: Tiyeni Tizigaya Tokha Mtedza Wathu

Mafumu athu, makolo athu, achimwene ndi achemwali, alamu athu nonse a ku Chinguluwe: Ndife ana anu amene tili ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban. Ena mwa ife timasesa mabwalo a eni ake, ena timaphika m'makhitchini, ena timasoka, ena timalondera usiku. Takhala tikukumana masiku a Lamulungu tikaweruka ku mapemphero, ndipo nkhani imene tamanga ndi iyi: tikufuna kuti kwathu kukhale kopaletivi yogula mtedza kwa alimi ake n'kumapanga chiponde ndi nsinjiro zogulitsa. Ife tili okonzeka kugula masheya. Koma sitingayambe inu eni nthaka musanavomere, n'chifukwa chake tabwera mogwada.

Ndalama timatumiza, inunso ndinu mboni. Mwezi ukatha timaima pa mzere wa Mukuru, inu n'kukalandira pa Kamuzu Road. Zimapita ku feteleza, ku fizi, ku chipatala, ku maliro, ku malata. Sitikudandaula, ndi udindo wathu. Chimene chimatisowetsa tulo n'chakuti ndalamayo siibala. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi yathu inkaoneka yambiri pofika kumudzi, koma pasanathe nthawi mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira inakwera n'kuimeza yonse. Komanso kuno si kwathu. Amene tinaona zipolowe zothamangitsa alendo mu 2008 ndi 2015 timadziwa kuti munthu akhoza kudzuka ali ndi ntchito, madzulo ali m'basi yobwerera kwawo ndi chikwama chimodzi. Agogo athu a Wenela nawonso ankaganiza kuti ulendo wa ku migodi sudzatha, koma mu 1974, ndege ya a ku migodiwo itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70, Kamuzu analetsa ulendowo. Ambiri anatsala ndi njinga ndi wailesi basi. Ife tikufuna tikadzabwerako tidzapeze chinthu chikuyenda.

Tasankha mtedza chifukwa timaudziwa. Dera lathu si lachilendo pa ulimi wa malonda: makolo analima thonje pa sikimu ya Chinguluwe, ndipo malo ofufuzira za ulimi a Chitala ali m'boma lathu lomweli la Salima. Vuto silili m'munda. Vuto limayamba mtedza ukangouma. Mayi wakumba, waanika, wathothola, wasenda mpaka zala kuchita matuza. Venda wafika ndi sikelo yake yopachika pa mtengo, nthawi imene m'nyumba mulibe ngakhale ya mchere, watchula yekha mtengo, wanyamula. Mtedza womwewo upita ku Lilongwe, ukazingidwa, ugayidwa, uikidwa m'botolo, ubwerera pa msewu womwewo n'kudzakhala pa shelefu ya golosale ya pa Salima, pa mtengo woti mayi amene anaulima sangaukwanitse. Phindu lonse lili pakati pa sikelo ndi botolo, ndipo pamenepo ndi pamene tikufuna tiimepo ife.

Kuti zokolola zikhoza kukonzedwera konkuno, Salima waonetsa kale. Malawi Mangoes ikukonza mango m'boma lathu, Salima Sugar ikupanga shuga. Amenewo ndi makampani akuluakulu, ife sitikulota zofanana nawo. Tikunena za nyumba imodzi ya simenti yokhala ndi madzi aukhondo ndi magetsi, makina osendera, chokazingira, chogayira, sikelo yoona ndi mosungira mouma. Pokambirana ena anati tiwonjezere mafuta a mpendadzuwa, mango ouma ndi mpunga wa m'mapaketi. Maganizowo ndi abwino, koma tagwirizana kuti adikire. Tiyambe ndi chinthu chimodzi, tichidziwe, misika itizolowere.

Pali nkhani imodzi imene tikupempha kuti muimve mofatsa, chifukwa ikhoza kupha ntchitoyi isanabadwe. Ndi chuku. Kale dziko lathu linkagulitsa mtedza wambiri ku Ulaya, ndipo china mwa zimene zinatitayitsa msikawo ndi poizoni wa aflatoxin amene amabwera ndi chuku. Tonse timadziwa chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, kapena kuti thumba lilemere pa sikelo. Chinyezi chimenecho ndiye chakudya cha chuku. Poizoniyu saoneka ndi maso, kukazinga sikumuthetsa, ndipo amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Chiponde chathu sichingalowe m'sitolo popanda chidindo cha Malawi Bureau of Standards, ndipo iwo amayeza zimenezi. Choncho membala aliyense adzayenera kulola kuti mtedza wake uunikidwe pakhomo la fakitale, wonyowa ubwezedwe, wofota ndi wowola usankhidwe, ngakhale mwini wake akhale mfumu kapena mlamu wa tcheyamani. Alimi anzathu a ku Mchinji, kudzera mu bungwe lawo la MASFA, anafika pogulitsa mtedza ku Britain chifukwa chosamala zomwezi. Nafenso manja tili nawo.

Tsono ndalama zichokera kuti? Tinayamba taganiza zofunafuna munthu wachuma, wa kuno kapena wa ku Lilongwe, kuti atigulire makina. Koma aliyense amene tamuyandikira amafunsa zofanana: gulu lanu linalembetsedwa? Muli ndi akaunti ku banki? Eni ake aikapo zingati? Adzagule ndani? Mafunsowa ndi oyenera. Ngakhale pulojekiti ya boma ya AGCOM, imene inayamba mu 2018 ndi thandizo la World Bank, imayendera momwemo: imapereka magawo 70 pa 100 a ndalama zofunika, gulu la alimi lipeze magawo 30 otsalawo, ndiponso lisonyeze mgwirizano ndi wogula katundu wawo. Palibe amene amathira ndalama pamene eni ake sanathirepo. Ndipo kunena zoona, n'kwabwino kutero, chifukwa wobwera ndi ndalama zonse amabweranso ndi mawu onse, ife n'kusanduka aganyu pa mtedza wathu womwe.

Pempho lathu ndi lotere. Mafumu, tikupempha malo oti pamangidwe nyumbayo, pafupi ndi msewu ndi mawaya a ESCOM, ndipo malowo alembedwe m'dzina la kopaletivi, osati la munthu, kuti mawa pasadzabuke mlandu wa adzukulu. Alimi, pitani kwa alangizi a ku EPA ya Chinguluwe ndi ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo ya Salima, akuphunzitseni za kopaletivi ndi kukuthandizani kulembetsa motsatira lamulo la makopaletivi la 1998. Gulani masheya. Amene alibe ndalama alipire ndi mtedza wouma bwino, njerwa, mchenga kapena thukuta lake, zonse ziwerengedwe mtengo n'kulembedwa m'buku. Amayi a banki m'khonde, inu mwaonetsa kale kuti mumatha kusunga bokosi la makiyi atatu chaka chathunthu osasowa tambala. Tikufuna mukhale mu komiti, makamaka pa mpando wa msungichuma. Achinyamata amene munamaliza Fomu 4 ndipo mukusonkha ya pasipoti kuti mutitsatire, imani kaye. Padzafunika olemba mabuku, oyendetsa makina ndi okagulitsa ku Senga Bay, Nkhotakota ndi Lilongwe.

Tikudziwa kuti pali mantha mbali zonse ziwiri. Inu mukuopa kuti a ku Joni adzalamulira chifukwa cha marandi awo. M'kopaletivi membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya masheya ake ndi ambiri kaya ndi ochepa, ndipo ife tavomera kuti utsogoleri ukhale wa alimi okhala kumudziko. Ifenso tili ndi mantha athu. Pakati pathu alipo amene anatumiza ndalama za nyumba zaka zingapo, pobwera n'kupeza maziko okha atamera udzu. Choncho ndalama zathu sizidzadutsa m'thumba la mbale aliyense. Zidzalowa mu akaunti ya kopaletivi yosainira anthu atatu, ndipo mwezi uliwonse lipoti liziwerengedwa pa msonkhano, chithunzi chake n'kutumizidwa pa gulu lathu la WhatsApp. Si kukayikirana ayi, n'kuteteza ubale.

Ambiri mwa ife tibwera kumudzi pa tchuthi cha Disembala. Tikupempha a gulupu ndi mafumu kuti aitanitse msonkhano tisanafike, nkhaniyi ikambidwe poyera, otsutsa atsutse, ofuna kulowa alembetse maina. Satifiketi ikangotuluka ndipo akaunti ikatsegulidwa, masheya athu oyamba alowa mwezi womwewo. Chonde tiyankheni mvula isanagwe, kuti mtedza wodzala chaka chino ukhale woyamba kulowa m'makina athu.

Ndife ana anu,
A ku Chinguluwe okhala ku South Africa