Chenjezo la mvula likabwera, tisamangoyang'ana kumwamba kwathu kokha

Anzanga a kumudzi kuno, ndi inu abale athu a ku Lilongwe, ku Blantyre mpaka a ku Joni, lero ndikufuna tikambirane za chizolowezi china chomwe chakula pakati pathu. Azanyengo akalengeza pa wailesi kuti kubwera mvula yamphamvu, anthu amatuluka panja, kuyang'ana kumwamba, kuona dzuwa lili phwee, basi n'kuyamba kuseka. Ati aja ayambanso bodza lawo. Ine kusekako ndikuti tikusiye, chifukwa tsiku lina kudzatiliza maliro.

Ntcheu si dera lathyathyathya ayi. Kuli kumtunda kozizira, ku Tsangano ndi ku Lizulu komwe kumachokera kachewere ndi kabichi, ndiye kuli kuchidikha kotentha, ku Bwanje ndi ku Sharpevale. Mitambo ikagunda mapiri a Kirk Range imakhuthulira madzi komweko, pomwe mudzi wa kumunsi sunaone ndi dontho lomwe. Ndiye munthu wa kumunsi akanena kuti mvula sinagwe, akunena za pakhomo pake pokha. Madzi agwa kuphiri aja sakhala komweko. Amatsika ndi makwawa n'kulowa mu Livulezi, mu Rivirivi ndi timitsinje tina tonse. Mtsinje umene munaoloka m'mawa madzi ali m'misomali, masana mumaupeza ukukokolola mitengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Amene amakumana nawo ndi mwana wochokera kusukulu, mayi wochokera kuchigayo ndi mnyamata wa ng'ombe.

Ndikudziwa zimene ena munene. Munena kuti nyengo ya masiku ano ndi yosapanganika, ndipo azanyengowo nthawi zina amaphonya. Zoona. Dzinja la makolo athu linkadziwika mutu wake, pano mvula imayamba, tidzala, kenako ng'amba ya masabata atatu, chimanga chikafota ndiye ibwere ya tsiku limodzi yogwetsa nyumba. Mu March 2023 tinali ndi namondwe wa Freddy, chaka chotsatira mu March 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Koma tawerengerani bwino. Mukamvera chenjezo mvula osabwera, mwataya tsiku limodzi la kumunda. Mukalinyoza mvula n'kubwera, mutha kutaya mwana. Ziwirizi sizilingana.

Za Freddy musaiwale msanga. Chenjezo linaperekedwa namondweyo asanafike. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira nyumba anthu ali momwemo. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu chimodzimodzi. Anthu oposa 600 anamwalira, ena oposa 500 sanapezeke. Ku Phalombe komweko zinachitikaponso mu 1991, akuluakulu n'kumati wadutsa Napolo. Kaya mumati Napolo, kaya mumati dothi lakhuta madzi, chimene chimatsikacho n'chimodzi. Ifenso tili m'munsi mwa mapiri, ndipo mapiri athu tawameta ndi makala. Mitengo imene inkagwira dothi tinaigulitsa m'matumba m'mbali mwa msewu wa M1.

Tsono chenjezo likamveka tichite chiyani? Zambiri sizifuna ndalama. Ana oolokera mtsinje asapite okha, ndipo madzi akafiira n'kuyamba kubwera ndi zinyalala, munthu adikire kutsidya ngakhale kugona komweko. Ziweto zisagone kudimba kapena m'khwawa. Feteleza wobereketsa musathire tsiku lomwe anena za mvula yamphamvu, chifukwa ureya wogula movutika uja angopita ku mtsinje. Ngalande ya kuseri kwa nyumba tiitsekule mvula isanafike, osati usiku ndi tochi. Nyumba ya zidina imene khoma lake lanyowa mpaka kufewa, musagonemo, pitani kwa achibale ngakhale akusekeni. Agogo okhala okha tiwatenge kusanade. Ndipo kwa amene timalima potsetsereka, mizere itsate akalozera, tidzale vetiva, tisiye kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa kale, ngakhale papite zaka makumi awiri pali pouma, adzadutsanso, kaya mwamangapo nyumba ya malata.

Inu a m'tauni, ntchito yanu ilipo. Uthenga wa azanyengo mumayamba kuuona ndinu pa Facebook ndi pa WhatsApp, pomwe kuno mafoni ambiri ndi a mabatani, ena athima kudikira dzuwa la sola. Musangolemba kuti Ambuye atiteteze n'kupitirira. Imbani foni kwa amayi, kwa amalume, muwauze m'Chichewa chomveka kuti mawa asaoloke. Koma chonde tumizani zochokera ku nthambi ya zanyengo kapena ku DoDMA. Mavoisi osadziwika mwini wake aja, onena kuti dziko lonse limira Lachisanu, ndi amene akuchititsa kuti anthu asamakhulupirire ngakhale chenjezo lenileni.

Kwa azanyengo pempho langa ndi limodzi. Mukamachenjeza, tchulani madera ndi mitsinje imene tikuidziwa, chifukwa mukangoti chigawo chapakati, wa ku Bwanje amaganiza kuti mukunena wa ku Kasungu. Mafumu athu ndi a komiti ya ngozi ya m'mudzi nawonso asasunge uthenga m'thumba. Ulengezedwe kutchalitchi, kumzikiti, kumsika ndi pa mjigo, monga timachitira ndi uthenga wa maliro.

Amene muli ndi abale okhala m'mbali mwa mtsinje kapena m'munsi mwa phiri, awerengereni zimenezi madzulo ano. Ndipo tandiuzani m'makomentimu, kwanuko mvula yagwa bwanji sabata ino, kuti a kumunsi adziwe chimene chikubwera.