Ntchito za makompyuta zilipo, koma akutikhazika pa mpando uti?

Asisi ndi achemwali athu, lero tikambe za ntchito. Mu Mzuzu muno mukumveka mawu awiri nthawi imodzi. Ena akuti, "Phunzirani za makompyuta, tsogolo lili kumeneko." Ena akuti, "Musataye fizi, amene anamaliza ICT angokhala pakhomo, ena akutayipa ma CV a anzawo mu stationery." Onsewa akunena zoona, n'chifukwa chake mtsikana amene wangolandira zotsatira za MSCE mutu umamuzungulira. Ife maganizo athu ndi awa: ntchito zilipo, koma si zonse zomwe zili ndi tsogolo, ndipo zomwe zili ndi tsogolozo ndi zomwe akazi sitikuloledwa kuzigwira ndi manja athu.

Tiyambe ndi pomwe anthu aluso akufunikira. Mayi wogulitsa tomato ku Chibavi amalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Mayunitsi a ESCOM timagula pa foni. Malipiro a mphunzitsi wa ku Katoto amadutsa m'makina a banki asanafike pa Mo626 pake. MRA ikufuna misonkho idzere pa Msonkho Online. Kuyambira 2017 mayina athu, zithunzi ndi zidindo za zala zathu zili m'makompyuta a NRB. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera pa DHIS2. Kuseri kwa chilichonse mwa izi kuli munthu amene analemba pulogalamuyo, wina amene amaikonza ikafa usiku, wina amene amalondera kuti akuba asalowe, ndi wina amene amawerenga ziwerengerozo n'kuuza mabwana tanthauzo lake. Awa ndi malipiro a anthu, mwezi ndi mwezi.

Amene akukayika akumbukire za mapasipoti. Mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina a nthambi ya Immigration ndipo akufuna dipo. Kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata. Amayi a geni opita ku Tanzania ndi ku Joni, ophunzira opeza sukulu kunja, odwala ofuna chithandizo kunja, onse anagwidwa njakata. Chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woliyang'anira. Ndiye kuti banki, chipatala, sukulu kapena bungwe lililonse losunga mbiri za anthu likufunika wina wodziwa kuziteteza. Funso ndi lakuti wina ameneyo akhala ndani.

Nanga ngati zili choncho, bwanji a digiri ali pakhomo? Zifukwa zake sizobisika.

Choyamba, malikulu a mabanki, makampani a foni, maunduna ndi mabungwe akuluakulu ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Makina akuluakulu amakhala komweko, ndipo ntchito zonona za ICT zimalengezedwa komweko. Nthambi ya kuno nthawi zambiri imangofuna munthu mmodzi wokonza pulinta ndi netiweki. Mzuni, Unilia ndi Mzuzu Technical College zikuphunzitsa achinyamata chaka ndi chaka, koma mzinda wathu sukutha kuwameza onse.

Chachiwiri, chilengezo chilichonse chimati akufuna wa zaka ziwiri kapena zitatu pa ntchito. Wongomaliza kumene zakazo azitenga kuti?

Chachitatu, chuma. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu ndi foni yabwino zinathawira kumwamba, ndipo makampani anayamba kuwerenga kawiri asanalembe munthu. Kunja nakonso si kwa shuga monga kale. Meta inachotsa antchito 11,000 mu Novembala 2022, Google inachotsa 12,000 mu Januwale 2023. ChatGPT ndi anzake akugwira m'masekondi ntchito zing'onozing'ono zomwe kale ankapatsa wongoyamba kumene. Lero bwana sakufunsa pepala lokha. Akufunsa kuti, "Tandionetsani chomwe munapangapo."

Apa ndi pomwe pagona nkhani yathu ngati akazi. Tonse taonapo zomwe zimachitika pa attachment. Mnyamata ndi mtsikana achokera m'kalasi imodzi, mwina mtsikanayo ndi amene ankakhoza bwino. Tsiku loyamba mnyamata amutenga kukaona seva, mawa akwera naye padenga kukamanga netiweki, mkuja amupatsa password. Mtsikana amukhazika pa reception "poti mumalankhula bwino ndi anthu". Atayipe makalata, alowetse mayina mu Excel, alembe ma minutes, alendo akabwera akonze tiyi. Miyezi ikatha onse alandira kalata yofanana yoti anagwira ntchito bwino. Koma pa intavyu mmodzi afotokoza momwe anadzutsira seva itafa, winayo alibe chonena. Kenako a panelo apukusa mitu n'kumati akazi a luso akusowa. Akusowa bwanji poti munawakhazika pakhomo kuti azilandira alendo?

Choopsa n'chakuti mpando womwe akutikhazikawo ndi umene uli ndi chiswe. Kutayipa ndi kulowetsa mayina ndi ntchito zomwe makina akuyamba kulanda. Fomu yomwe kale inkafuna makalaliki kuti aikopere mu kompyuta, lero ikudzazidwa pa tabuleti kumudzi komweko n'kufika yokha ku likulu. Tikavomera kukhala pamenepo, tidzakhala oyamba kulandira kalata yoti ntchito yatha, ndipo adzati ndi chitukuko.

Musanamizidwe kuti makompyuta ndi achimuna chibadwire. M'zaka za m'ma 1940, amene ankalemba mapulogalamu a ENIAC, imodzi mwa makompyuta oyambirira ku America, anali akazi asanu ndi mmodzi. Nthawi imeneyo ntchitoyi inkaoneka ngati ya ukalaliki. Cha m'ma 1984, mwa anthu 100 alionse olandira digiri ya sayansi ya makompyuta ku America, 37 anali akazi. Ntchitoyi itayamba kununkhira ndalama ndi ulemu, chiwerengerocho chinatsika mpaka osakwana 20. Ubongo wa akazi sunasinthe. Chinasintha ndi amene ankaitanidwa kulowa, ndi amene ankagulilidwa kompyuta pakhomo.

Tikudziwa zomwe ena ayankhe. Ati, "Akaziwo safunsira okha." Nthawi zina n'zoona, koma tafunsani chifukwa chake. Mtsikana wa ku CDSS kumene Computer Studies kulibe, kapena amaiphunzira pa bolodi ndi choko, amafika ku koleji asanagwirepo mouse. Pakhomo pakakhala laputopu imodzi, tonse tikudziwa kuti imagona m'chipinda cha ndani. Luso la mapulogalamu limakula ndi maola, ndipo maola a mtsikana amathera ku mpopi, ku mbaula ndi kulera ana a achemwali. Mnyamata atha kukhala mu labu mpaka usiku n'kuyenda wapansi kupita ku hostel ya kunja. Ife timayang'ana dzuwa.

Ena ati, "Mukamulemba mkazi, mawa watenga mimba." Abale, mimba si mlandu. Lamulo la Employment Act la 2000 limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu pa malipiro onse, ndipo limati ntchito yofanana, malipiro ofanana. Gender Equality Act ya 2013 imati m'nthambi za boma olembedwa ntchito asachepere 40 peresenti ndipo asapitirire 60 peresenti a mbali imodzi, amuna kapena akazi. Koma lamuloli lili ndi kakhomo kothawira: silikakamiza ngati wofunsirayo alibe maphunziro kapena luso loyenerera. Mwaona tsono? Amene wakumana seva pa attachment wakumana ntchito ya mawa, ndipo lamulo silimugwira.

Palinso nkhani ija timangonong'onezana, ya intavyu ya pa kapeti. Bwana amene amati CV mubweretse ku lodge madzulo. Wotsogolera pa attachment amene amati akuphunzitsani zonse "tikamvana". Atsikana ambiri aluso anasiya ntchito ya ICT osati chifukwa yavuta, koma chifukwa chotopa kukhala mkazi yekhayo m'chipinda chotsekeka ndi munthu wa manja osakhazikika. Gender Equality Act imati mchitidwe umenewu ndi mlandu. Madandaulo amapita ku polisi, ku ofesi ya Labour kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo khoti la Industrial Relations lilipo mu Mzuzu momwe muno. Mauthenga a pa WhatsApp musafufute. Ndi umboni.

Kuti zimatheka, zitsanzo tili nazo. Rachel Sibande anayambitsa mHub ku Lilongwe mu 2013, malo oyamba a mtundu wake m'dziko muno. Kuno kwathu Wangiwe Kambuzi anayambitsa Mzuzu E-Hub, yomwe yakhala ikuphunzitsa achinyamata luso la digito ndi bizinesi, kuphatikizapo pansi pa pulojekiti ya Digital Malawi. Koma tisagwiritse ntchito mayina awiriwa ngati chikwapu chokwapulira ena kuti "mukulephera bwanji". Akazi awiri otchuka si umboni woti khomo ndi lotseguka. Ndi umboni woti likatseguka, timalowa ndipo timatsegulira ena.

Ndiye tikupempha chiyani?

Kwa olemba ntchito mu Mzuzu, mabanki, mabungwe, zipatala, khonsolo ndi makampani a intaneti: wophunzira aliyense wa ICT akabwera pa attachment, mupatseni pepala lolemba zomwe aphunzire, lofanana kwa mnyamata ndi mtsikana. Reception ili ndi mwini wake. Lengezani ntchito poyera m'malo mongouzana ku bawo ndi ku mpira. Ndipo muziyesa anthu ndi ntchito yeniyeni pa kompyuta, osati kungowerenga zaka.

Kwa masukulu a ukachenjede: musamangosaina mafomu a attachment. Funsani mtsikanayo kuti wagwira chiyani. Malo omwe amasandutsa ophunzira anu kukhala ophika tiyi, musatumizenso ana kumeneko.

Kwa boma: pulogalamu ya internship ya omaliza maphunziro, yomwe inayamba mu 2018, iziika wa ICT pa ntchito ya ICT. Ndipo si ntchito zonse za makompyuta zomwe ziyenera kukhala ku Capital Hill. Ubwino wa ntchito imeneyi ndi woti imagwirika paliponse pomwe pali magetsi ndi intaneti.

Tsono kwa ife eni ake. Kuphunzira Word ndi Excel n'kofunika, koma ndi poyambira chabe. Sankhani chinthu chimodzi muchidziwe mpaka pansi: netiweki, chitetezo cha makina, database ndi SQL, kusanthula ziwerengero, kapena kulemba mapulogalamu ndi Python kaya JavaScript. Kudumphadumpha m'ma short course khumi kumadzaza faelo, sikudzaza mutu.

Pangani chinthu chooneka. Banki m'khonde ya amayi anu ikulembabe m'kope lomwe likanyowa ndi mvula ya Mzuzu nkhani yathera pomwepo. Sukulu ya private ku Chiputula ikusowa njira yolondolera fizi. Malo ogona alendo ku Nkhata Bay akufuna tsamba loti mlendo asungitse chipinda. Alimi a khofi ndi ma SACCO ali ndi ziwerengero zosasanjidwa. Konzani limodzi mwa mavuto amenewa, muliike pa GitHub, mutenge kalata kwa mwini wake. Zimenezo ndi zaka za pa ntchito zomwe simunadikire wina kuti akupatseni. Koma mutchule mtengo. Zaulere zikhale kamodzi kokha, pofuna umboni, osati moyo wonse.

Pa attachment, tsiku loyamba nenani mwaulemu koma mosazungulira: "Bwana, ndabwera kudzaphunzira za netiweki, ndikupempha ndizipita nawo akamakakonza." Valani thalauzi, kwerani makwererowo. Safunsa anadya phula.

Ntchito za kunja zogwirira kunyumba ziliko, ndipo Starlink, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, yawonjezera njira zopezera intaneti. Koma zimafuna luso lenileni, magetsi odalirika ndi njira yolandirira ndalama, ndipo mukupikisana ndi a ku Nairobi, Lagos ndi Manila. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera kuti mupeze ntchito ya pa intaneti ndi wakuba, mutsekeni. Wokulonjezani ntchito kunja n'kumafuna kusunga pasipoti yanu, thawani.

Pomaliza, tisamanane. Laputopu imodzi itha kuphunzitsa atsikana atatu. Bandulo itha kusonkhedwa monga timasonkhera chipereganyu. Mwaona chilengezo cha ntchito, tumizani pa gulu ngakhale nanunso mukufunsira. Amene muli kale m'kati, mwapatsidwa makiyi a chipinda cha seva, tengani mtsikana wa pa attachment mulowe naye. Mutu umodzi susenza denga.

Lachinayi lachinayi la mwezi wa Epulo chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku la Girls in ICT. Kudzakhala ma T-shirt, zithunzi ndi zolankhula zokoma, ndipo ife tidzavala nawo. Koma tikadzakumana ndi mabwana pa tsikulo tidzawafunsa funso limodzi: mu dipatimenti yanu ya ICT muli akazi angati, ndipo mwa iwo ndi angati omwe ali ndi password ya admin? Yankho lake tidzalilemba pompano.

Tumizani uthengawu kwa mng'ono wanu amene akusankha kosi chaka chino.